Mkono umene ndinaukaniza kuchira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinagwa ndi njinga ya bambo anga pamtsetse wa kumudzi kwathu, m'mapiri a pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Njingayo inali yaikulu, moti ndinkapalasa mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo chapakati chifukwa pachishalo sindinkafika. Tsikulo kunali kutagwa mvula, mabuleki anakana kugwira, ndipo ine ndi njinga tinasiyana m'ngalande. Mkono wamanja unathyoka pafupi ndi chigongono. Kuchipatala cha ku boma anandiika chikhakha n'kutiuza kuti tidzabwere pakatha milungu isanu ndi umodzi.

Ndisaname, milungu imeneyo inandikomera. Inali nyengo yothyola fodya, imene pakhomo pa mlimi sipakhala mwana waulesi. Aliyense ankadzukira kumunda, n'kuswera m'chigafa akusoka masamba mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Ine ndinkangokhala pakhonde ngati mlendo, mkono uli m'kansalu kokoleka m'khosi. Kumjigo sindinkapita, mbale sindinkatsuka, ndipo mayi ankandiphikira dzira langalanga, azing'ono anga akumeza malovu.

Tsiku lochotsa chikhakha ndinapita ndi bambo. Atangochidula, bambo anatuluka kukafunsa za galimoto yobwerera, ndipo adokotala anandilangiza ndili ndekha. Anati fupa lalumikizana bwino, koma chigongono chauma chifukwa chokhalitsa malo amodzi. Ndizichiwongola m'mawa ndi madzulo ngakhale chipweteke, ndizinyamula kandowa ka madzi, ndizigwira ntchito. Ndikachinyengerera, chidzaumiratu. Bambo atandifunsa panjira zimene adokotala ananena, ndinaganizira za chigafa chodzaza fodya chija, ndipo ndinayankha kuti ati mkonowu usagwire kanthu mpaka utasiya kupweteka.

Pakhomo pathu panali banja limodzi la matenanti, lochokera ku Phalombe, limene linkalima fodya pamunda wa bambo. Ankakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa chigafa. Mwamunayo anali a Duwa, munthu wosalankhulalankhula, ndipo mkazi wawo tinkangowatchula kuti Make Esinati. Anali atakhala nafe zaka zitatu, ndipo ankanena kuti aka kanali koyamba kuti ana awo aphunzire pasukulu imodzi osadukiza. Mwana wawo Esinati anali mnzanga wa m'kalasi, ndipo masamu ankandiposa.

Make Esinati ataona kuti sabata yatha mkono wanga udakali m'kansalu, anauza mayi kuti kwawo ankathandiza anthu othyoka, ndipo anapempha kuti azindithowa. Ankabwera m'mamawa asanapite kumunda, atatenga madzi otentha ndi kansanza. Ankandikhazika pamphasa, kuthowa chigongono mpaka chifewe, kenako kuchikoka pang'onopang'ono. Kupweteka kunalipo ndithu, koma kulira kwanga kunkaposa ululuwo. Pa tsiku lachinayi anandiyang'ana m'maso mkono wanga uli m'manja mwawo, n'kuitana mayi.

"Mayi, mkono uwu ndi wabwinobwino. Mwanayu akuchita kuulimbitsa yekha. Mpatseni ntchito, uwongoka."

Sananene mokalipa, ankachita kumwetulira. Koma ine ndinadziwa kuti ndagwidwa dzanja lili mumphika. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kanali katandipeza. Madzulo ake azakhali anga, alongo awo a bambo, anabwera kudzandiona. Atandifunsa mmene ndikumvera, ndinagwetsa misozi n'kunena kuti mkono unkayamba kupeza bwino, koma chiyambire kundigwira Make Esinati ukuuma ngati mtengo, ndipo mkati mwake mukuyenda zinthu.

Ine cholinga changa chinali chakuti kuthowa kuthe, basi. Mawu akuti mukuyenda zinthu ndinangowatola kwa amayi ena odwala nyamakazi. Koma azakhali anawalandira ndi manja awiri. Anayang'ana kuchigafa, n'kupukusa mutu, n'kunena chapansipansi kuti anthu obwera sudziwa chimene anathawa kwawo. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kumjigo ndi kutchalitchi komwe, kuti mtenanti wa kwathu wamanga mkono wa mwana wa bwana wake chifukwa cha kaduka.

Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo anakana kuti mawu oti ufiti atchulidwe pakhomo pawo. Koma sanawatsutsenso azakhali. Anangolamula kuti kuthowa kulekeke. Kuyambira pamenepo amayi a m'mudzi akaona Make Esinati akubwera kumjigo ankachotsa ndowa zawo pamzere. Kusukulu ana anasiya kukhala pafupi ndi Esinati, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Zonsezi ndinkaziona. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti mawa ndiwongola mkono, anthu aone kuti ndachira, nkhani ithe. Koma ndinkaopanso kuti ndikachira msanga adzati taonani, wangosiya kumugwira mwana wachira. Ndikapanda kuchira, adzati mankhwala ake ndi amphamvu. Bodza langa linali litatseka makomo onse awiri, ndipo khomo lachitatu, longonena zoona, ndinkaliopa kuposa moto.

Tsiku lina ndinakumana ndi Make Esinati kuseri kwa chigafa atasenza mtolo wa fodya. Ndinafuna kuthawa, koma njira inali imodzi. Anaima, nandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mphatso, za ine zisiye. Koma mkonowo uziuwongola ukakhala wekha, udzaufuna." Ndinangoyang'ana pansi mpaka anadutsa.

Fodya atagulitsidwa, bambo anaitana a Duwa n'kuwauza kuti chaka chamawa asadzayembekezere munda. Anati palibe mlandu, koma mudzi wavuta. A Duwa anangoti zikomo bwana, chipewa chili m'manja. Ananyamuka pangolo m'mawa wina kunja kukuzizira, atakweza mphasa, mapoto ndi nkhuku ziwiri, kupita ku Mponela kukafuna galimoto. Esinati anasiya sukulu chaka chisanathe. Ine ndinasuzumira pazenera, mkono uli pachifuwa, ndipo sindinatuluke kukatsanzika.

Atachoka ndinavula kansalu kaja, ndili ndi chikhulupiriro choti tsopano ndichira mwakachetechete. Ndinalowa kuchipinda, n'kuyesa kutambasula mkono. Unafika pakati n'kuima. Ndinaukoka ndi dzanja lamanzere mpaka thukuta, koma unakana. Ulendo uno sindinkanamizira.

Bambo ananditengeranso kuchipatala, ndipo tinapeza adokotala omwe aja. Atapinda ndi kukoka chigongono, anandifunsa ngati ndinkachita zimene anandiuza. Bambo anadabwa, nafunsa kuti zinthu zake ziti. Adokotala anabwereza zonse, kandowa ka madzi ndi ntchito zomwe, n'kuwonjeza kuti pakanapezeka munthu womathowa ndi kuwongola tsiku ndi tsiku, bwenzi mkono uli bwino kalekale. Anati tsopano tachedwa, uwongokako pang'ono koma osati wonse.

Ndinkayembekeza mbama, mwinanso ndinkaifuna. Bambo sanandimenye. Tinayenda mpaka pamalo okwerera galimoto, ndipo tili chiimire pamenepo anandifunsa osandiyang'ana.

"Ndiye mayi aja ankanena zoona?"

"Eya, bambo."

"Ndipo iwe unkadziwa tsiku limene ankakweza katundu pangolo?"

Ndinavomera ndi mutu. Bambo anavula chipewa n'kupukuta nkhope, ndipo ndinaona kuti manyazi amene anawagwira sanali a ine ndekha. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kunena pamaso pa anthu kuti banja lathu linalakwira anthu osalakwa. Anafunsafunsa kwa matenanti a m'minda yoyandikana nafe, ngakhale kumsika wa ku Chezi anapitako, koma palibe ankadziwa kumene a Duwa analowera. Kupepesa kwathu kunamveka kwa aliyense kupatula eni ake.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndikamalemba pabolodi ndimayambira pakati chifukwa pamwamba mkono sufika. Ana akandifunsa ndimati ndinagwa ndi njinga, iwo n'kundimvera chisoni, ine n'kuchita manyazi ndi chisoni chawocho. Njinga inangothyola fupa, ndipo fupalo linachira m'milungu isanu ndi umodzi. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinali mwana wochenjera amene anapusitsa mudzi wonse. Tsopano ndikudziwa kuti bodza langa linali losalimba, loti munthu wamkulu aliyense akanaligwetsa ndi funso limodzi. Linayenda chifukwa ndinaliponya pa munthu amene analibe mbale woti amuyankhulire, ndipo ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa bwino kuti pakhomo pathu munthu wotero anali ndani.