Foni Inalira Tili Kuseri kwa Matumba a Fulawa

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene mphepo inagwetsa msasa wathu wa mandasi pa Nselema. Chiwaya chinagubuduka, mafuta onse n'kuthera m'dothi. Amayi anangoima atagwira m'chiuno.

Ndinati, "Amayi, ine ndikupita kumene anzanga akupita."

"Patuma, kumeneko anthu amaphedwa," anatero.

Achemwali anga a Asiyatu ndi amene anagulitsa mbuzi zawo kuti ndipeze yokwerera. Anandiperekeza mpaka pa Liwonde, ndipo basi ikunyamuka anakuwa kuti ndisaiwale kumatumiza zithunzi.

Ntchito ndinaipeza m'bekale ya mayi wina wachimwenye. Kukhitchiniko tinalipo atatu: ine, Rudo wa ku Zimbabwe, ndi Hodani wa ku Somalia. Masiku amene anandidindira pa boda atatha, ndinayamba kukhala ngati mbewa ya m'nkhokwe. Galimoto ya polisi ikadutsa, ndinkabisala kuseri kwa chitseko. M'minibasi sindinkatsegula pakamwa, chifukwa lilime limaulula mlendo. Rudo anandiloweza pamtima dzina la chigongono m'Chizulu, ati ndilo amakufunsa akafuna kudziwa ngati ndiwe wakwawo. Ndinkalibwereza posamba, pokanda fulawa, ngakhale pambuyo pa pemphero la swala, koma lilime linkapindikabe.

Kagulu ka pa foni anakayambitsa ndi Rudo. Tinkangotumizirana zithunzi za zimene taphika, n'kumanyozana. Ine ndinalowetsamo a Asiyatu. Chingerezi sankachidziwa, koma chithunzi sichifuna womasulira, ndipo zotsalazo ndinkamasulira ine. Hodani ankati mandasi athu ndi ana amasiye a bur wa kwawo, chifukwa mulibe zonunkhiritsa zotchedwa iliki. Rudo anatumiza chimodho, a Asiyatu n'kuyankha kuti, "Muuze kuti chimenecho ndi chigumu chathu, chinangosochera." Nditajambula jalebi, tokhotakhota tofiira ta amwenye, a Asiyatu anandifunsa ngati kumeneko matumbo a nkhuku amathira shuga. Tsiku lina anaika chitumbuwa chopserera pambali pa chidendene cha patapata, n'kulemba kuti tisankhe chodya. Hodani anaseka mpaka kukhala pansi, mpango wake uli mbuu ndi fulawa.

Kuseka kwanga kunkathera m'kagulu kameneko. Ndikabwerera kukachipinda kanga ndinkatseka chitseko, n'kutsamiritsapo chidebe cha madzi. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi. A Asiyatu akafunsa za moyo, ndinkalemba kuti, "Alhamdulillah, ndikunenepa." Sindinawauze kuti m'dera lathu munayamba kuyenda gulu la anthu a zibonga ndi zikwapu, lotseka mashopu a alendo.

Anatifikira Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. Tinayamba tamva nyimbo chapatali, kenako malikhweru, kenako magalasi akusweka pa shopu yoyandikana nafe. Abwana anatikankhira m'chipinda chosungiramo katundu. "Musakhosomole," anatero, n'kutseka ndi loko kunja.

Tinagona chafufumimba kuseri kwa matumba a fulawa. Ndinkamva mapazi m'bekale, matebulo akugwa, mwamuna wina akukuwa kufunsa kumene abisa makwerekwere, dzina lotinyozera ife alendo. Abwana ankalumbira kuti anatichotsa kalekale. Wina anagwedeza loko. Rudo anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Ine ndinayamba kunena shahada, mawu a chikhulupiriro chathu, chamumtima, poganiza kuti tsiku langa lakwana.

Pomwepo foni yanga inati ntii m'thumba la epuloni.

Kunja kunangoti zii. Ndinaikanikiza foniyo pamimba n'kuigonera. Hodani anatseka maso. Munthu uja anamenya chitseko kawiri ndi chibonga. Kenako kumsewu kunaphulika chinachake, onse n'kuthamangira komweko. Tinakhalabe momwemo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Abwana atatsegula, ndinayang'ana chimene chikanatiphetsa. Chinali chithunzi cha wakabaza wa pa Ntaja atakweza mbuzi yovala chipewa, pansi pake a Asiyatu atalemba kuti, "Alamu ako akubwera kudzakutenga." Ndinachionetsa kwa anzangawo. Palibe anaseka. A Asiyatu ndinawayankha ndi tinkhope toseka titatu.

Sabata yotsatira Hodani sanabwere kuntchito. Anthu a zibonga aja anavulaza mchimwene wake pa shopu yake, ndiye banja lonse linathawira kumzinda wina. Ine ndinayamba kudzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale supuni ikagwa. Tsiku lina ndinasiya samusa zikupserera ndikuyang'ana chitseko. Rudo anandichotsa pa chiwaya n'kunena kuti, "Pita kwanu uli moyo." Ndinapita ku ofesi ya dziko lathu kukatenga kalata yoyendera, n'kukwera basi ndi chikwama chimodzi ndi kapaketi ka iliki.

Kumudzi sindinanene kuti ndikubwera. Nditatsika pa Nselema ndinapeza msasa uja unamangidwanso, koma pa chiwaya panali a Asiyatu okha, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Atandiona anagwetsa chipande.

"Amayi ali kuti?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi. "Tiye kunyumba."

Amayi anali pamkeka pakhonde, atatsamira khoma. Pakamwa panapotokera kumanja, dzanja lamanja lili lende pamwendo. A Asiyatu anandiuza kuti amayi anagwa miyezi inayi yapitayo, ali kudimba. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwakweza pa kabaza kupita kuchipatala, n'kuthamangiranso kumsika kukakazinga.

"Ndiye mumanditumizira mbuzi za zipewa?" ndinatero, misozi ikutsika.

"Ndikanakuuza ukanatani uli kutali? Nanga iwe, kunenepa kwakeko n'kumeneku?"

Ndinawafotokozera za chipinda cha fulawa chija. Iwo anati tsiku limenelo anali pamzere wa kuchipatala, adokotala atangowauza kuti dzanjalo mwina silidzagwiranso. Anatumiza chithunzicho chifukwa ankaopa kuti akandiimbira alira.

Ndinkaganiza kuti mantha ndinawasiya ku Joni. Apa ndinaona kuti kunonso anthu ankadzuka nawo tsiku ndi tsiku. A Asiyatu anati nkhani za ku Joni zikayamba pa wailesi ankaizimitsa, koma amayi ankamenya mkeka ndi dzanja labwinolo mpaka aiyatsenso.

Amayi anandikodola. Ndinagwada pafupi. Ndi dzanja lamanzere anandivula mpango, n'kuyamba kundipapasa m'mutu, kuseri kwa makutu, m'nthiti, m'mikono. Anatenga zala zanga n'kuzigwira chimodzichimodzi, ngati mmene azamba amachitira ndi khanda. Atamaliza analimbana ndi lilime lawo kanthawi, malovu akutsika, mpaka mawu anatuluka.

"Wabwera yense."