Dothi la ku Sakubva

Chinatichotsa kwathu ku Dedza ndi msonkho, osati dyera ayi. Chaka chimenecho dzombe linaseseratu m'minda, koma amesinjala a boma n'kumazungulirabe m'midzi kusaka amuna osadula msonkho. Achimwene anga a Lufeyo anali pa chikamwini kutsidya kwa dambo, kwa akazi awo a Nambewe, ali ndi ana awiri, wamng'onoyo adakali kumsana. Tsiku lina anandipeza ndikusema mpini nati, "Iwe Yotamu, tikhala pano mpaka adzatimange chingwe m'chiuno? Tiye ku Rodeshiya." Amene anatiperekeza mpaka panjira ya ku Tete anali amalume athu a Chimbalanga, eni mbumba. Potsazikana anati, "Pitani ana anga, zakuno musadere nazo nkhawa, ine ndilipo." Mawu amenewa ndikawakumbukira, ngakhale lero, mtima umandiwira.

Tinayenda pansi mpaka mapazi kung'aluka. Tinayamba tagwira pa famu ya fodya ku Odzi, kenaka tinalowa m'tauni ya Umtali. Ine ndinapeza ya udobi, yochapa zovala, kunyumba ya mzungu, achimwene ankasenza matabwa pamalo ocheka mitengo, ndipo tinkagona chipinda chimodzi ku Sakubva. Eni dziko, Amanyika, ankangotiitana kuti Manyasarande, anthu a ku Nyasalande, dzina lako osalifunsa n'komwe. Lamulungu likafika achimwene ankakhala pakhomo n'kumasoka zigamba, n'kumawerengetsera kuti mwana uja tinamusiya kumsana tsopano ayenera kuti akuthamanga. Nthawi zina ankalankhula okha.

Kumeneko kunali bungwe la maliro la ife anthu a ku Nyasalande. Wotolera zopereka anali a Jailosi, mkulu wa ku Nkhotakota wosadziwa kuzungulira nkhani. Anatiuza kuti, "Anyamata, kuno ukafa wopanda mwini amakakukwirira ndi akaidi, m'bulangete, ngati galu. Mukamaponya shilingi mwezi ndi mwezi, tsikulo likafika bokosi ndi lathu, nsalu ndi yathu, ndipo ndalama ina timatumiza m'manja mwa mkazi amene mwamutchula. Azungu amati inshuwalansi." Ine, ngakhale ndinalibe mkazi, ndinalowa tsiku lomwelo, chifukwa za akaidizo zinandiyimitsa tsitsi.

Achimwene nawo anafuna. Koma iwo anali munthu waulemu wopitirira muyeso, wosagula ngakhale chipewa asanauze akulu. Analembera amalume. Yankho linabwera lolembedwa ndi mphunzitsi wa pamudzi, koma pakamwa panali pa amalume penipeni: "Lufeyo, wapenga kodi? Munthu wamoyo, wamphamvu, n'kumalipirira bokosi? Ukudziitanira imfa. Ndalama usamamwaze kwa anthu osawadziwa, abale ako tilipo. Chibale ndi fupa, sichiola. Utati wagwa mphuno, ana ako tidzawaona ndife." M'munsi mwa kalata yomweyo anapempha jekete.

Ndinakangana nawo achimwene mpaka oyandikana nafe kugogoda khoma. Ndinati, "Imfa imachita kuitanidwa? Atate athu aja pomwalira, anaiitana ndani?" Iwo anangoti, "Ndamva, mphwanga. Ndilowa mwezi wamawa, ndiyambe ndathana ndi jeketeyi." Mwezi wamawawo kunabwera za msonkho wa amalume. Winawo, mlandu wa mbuzi zimene zinadya m'dimba la eni. Kenaka akuti kwapezeka ng'ombe yotsika mtengo, ikhale ya ana. Ngakhale ndalama za a Nambewe zinkadzera kwa amalume omwewo, akuti ndiwo ulemu. A Jailosi akabwera kudzatolera zanga, achimwene ankazemba n'kukaima kuseri kwa nyumba chifukwa cha manyazi. Zaka zinatha choncho, mawa, mawa.

Chinawatenga ndi chibayo. Ananyowa ndi mvula kuntchito, sabata isanathe anapita. Ndinathamangira kwa a Jailosi ndikulira ngati mwana. Anandigwira paphewa nati, "Yotamu, ndikatsegula thumba chifukwa cha munthu amene sanaponyepo, mawa onse aleka kuponya. Koma akaidi sawakhudza achimwene ako, manda tikumba ndife." Anachitadi zimenezo, anabwera ndi makasu, anaimba nyimbo zakwathu. Bokosi ndinakhoma ndekha ndi matabwa a mabokosi a palafini amene ndinapempha kusitolo. Munthu amene anasenza matabwa abwino zaka zonsezo anagona m'bokosi la zigamba, zilembo za palafini zikuoneka m'mbali. Asanatsirize kukwirira ndinatapa dothi la pamanda n'kulimanga pa kampango, kuti kwathu akakhale ndi choika m'nthaka.

Masiku ano wotolera zopereka ku Sakubva ndine, a Jailosi miyendo inawakana. Mnyamata akandiuza kuti alowa mwezi wamawa, ndimamukalipira mpaka anzake kundigwira. Ena amati mdala Yotamu ndi wankhanza. Anene, sanaone zimene ndinakaona kwathu.

Titaika maliro aja, ndinakwera lole wopita kwathu ndi katundu yense wa achimwene: njinga, sutikesi, mabulangete, ketulo, ndi nsalu yamaluwa imene anagulira akazi awo koma osapeza woitenga. Nditafika, maliro analiridwa mwamphamvu ndithu, alongo anga kudzigwetsa pansi, amalume kusisima atavala jekete ija. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khola la ng'ombe, pomwe ife tinasiya khola la nkhuku. A Nambewe anawoloka dambo ndi ana awo. Ine sindinawazindikire msanga. Khosi linali litatalika, nsalu yong'ambika mpaka yosagwira mfundo, ana mphere thupi lonse. Nditapeza mpata ndinawafunsa chapansipansi ngati ndalama zinkawafika. Anandiyang'ana nati, "Ndalama ziti, alamu? Ndinalandirapo mchere ndi sopo, kalekale. Ndinkayesa kuti anakwatira kumeneko."

Achimwene amene ankasoka zigamba pa zigamba aja! Ndinaluma mlomo, ndinati tidikire tsiku lometa, mwina pogawa katundu manyazi awagwira.

Tsikulo litafika, titameta, anayala mphasa pabwalo kuti asudzule namfedwa. Amalume anakhala pampando n'kuyamba kuloza ndi ndodo. Njinga yawo. Sutikesi ya mwana wa mlongo wanga wamkulu. Mabulangete a alongo anga, ketulo ya akazi a amalume. Atafika pa nsalu yamaluwa, mlongo wanga wamng'ono anali ataikulunga kale m'chiuno kuyesa ngati ikumukhala. Amalume anawaponyera a Nambewe kandalama kowamasula nati, "Mayi, ukwati watha, ndinu omasuka."

Pamenepo ndinaimirira. "Amalume, nanga ana?"

"Ana ati?"

"Ana a Lufeyo! Amene munalemba kuti mudzawaona ndinu! Ng'ombe ya ana ija ili kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chimanyika. "Iwe, Rodeshiya yakuzunguza mutu eti? Ana ali ndi amalume awo kutsidyako. Mbumba yanga ndi ino. Unamva kuti tambala amalera anapiye?"

"Ndiye bwanji simunanene zimenezo m'kalata muja? Munthu akanaponya shilingi yake, lero mayiwa akanagwira kanthu m'manja! Fupa lija lili kuti, amalume? Mwaliphwanya n'kuyamwa mafuta!"

Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mwana wachipongwe, wotukwana akulu pamaliro. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati amalume alakwa. Mwambo ndinkaudziwa, sindinabadwire ku Umtali ine. Chinandipsetsa mtima n'chakuti amalume nawonso ankaudziwa tsiku limene ankauza mphunzitsi zolemba.

Ndinapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kampango kaja, n'kukaika pakati pa mphasa. Ndinati, "Katundu wina ndi uyu, mwaiwala. Ndi dothi la pamanda a m'bale wanu. Atenga ndani?" Onse anayang'ana kumbali. Mlongo wanga anasuntha kuti kasamukhudze. Amalume anadzuka n'kuyamba kukankha njinga kupita nayo kwawo, poti kupalasa sankadziwa.

A Nambewe anakwawa ndi maondo mpaka pamphasapo. Anatola kampangoko ndi manja awiri, nati, "Ichi ndiye changa, alamu?"

Anakamangirira kunsonga ya nsalu yawo yong'ambika ija, anagwira ana awo padzanja, n'kutsetserekera kudambo.