Malovu pa Tsaya la Dokotala

Chiyambire korona, ndimathira alendo sanitaiza m'manja pageti lino ku Al Duhail, kudziko la eni kuno. Fungo lake ndi lomwe linkamveka m'malaya a bambo anga, amene ankathandizira madokotala pachipatala cha mishoni kwathu.

Loweruka lina ndili mwana, ananditenga kukaonera filimu yakale ya ku Amereka muholo yapachipatalapo. Munkatentha, mukununkha thukuta. Mufilimumo, wodwala wachizungu anakana kugwiridwa ndi dokotala wakuda, mpaka anamulavulira kumaso. Dokotalayo anangodzipukuta, n'kupitiriza kumanga bala.

Mnzanga wa kusukulu anacheuka, n'kunena mokweza: "Bambo akonso anawatero mzungu wina dzana. Amayi anga anaona."

Benchi yonse inatiyang'ana. Ndinazyolika ndi manyazi. Bambo anandigwira bondo, maso ali pachinsalu.

"Dzutsa mutu uonere, mwanawe," anatero.