Kabowo ka Alamu Anga a Nedson

Makontena onse amene mumawaona pa Madisi, kuyambira ija ya ometa tsitsi mpaka ija yogulitsira mankhwala a ziweto, mazenera ake anaboola munthu mmodzi: alamu anga a Nedson Kamtedza, amuna awo a achemwali anga a Fanny. Kuno kulibe nyanja, madzi athu aakulu ndi Bua basi, koma masiku ano aliyense amene wapata pang'ono pa fodya kapena soya akugula kontena n'kuikhazika m'mbali mwa msewu. Alamu amati Madisi akusanduka doko lopanda sitima.

Iwo doko lenileni akulidziwa. Anabadwira kwa Msakambewa, anaphunzira kuwotcherera zitsulo ku Lilongwe, kenako anakwera thiraki yonyamula fodya n'kukatsikira ku Beira. Kumeneko anakhala zaka khumi ndi chimodzi akukonza makontena pa kampani ina kuseri kwa doko. Akakhala kuti mtima uli m'malo amafotokoza za kumeneko: sitima zazitali kuposa tchalitchi cha pa mishoni, makina onyamula kontena yathunthu ngati akunyamula bokosi la machesi, mathiraki ondandana masiku atatu kudikira kulowa pachipata. Amati chaka chilichonse madambo ankakwiriridwa n'kumangapo nyumba zosungira katundu, kwinaku nyanja ikudya nyumba zakale za m'mphepete. Koma mukawafunsa chimene anachokera pa ntchito yabwino chonchi, amayamba kufunafuna nyundo imene ili m'manja mwawo momwe.

Anabwerako ndi timakhalidwe tachilendo. Kunyumba kwawo zitseko za m'zipinda anazichotsa zonse, achemwali anga anachita kupachika nsalu. Kutchalitchi amakhala pa zenera, ngakhale mu June mphepo ya m'mapiri a Ntchisi ikuluma makutu. Ndipo chachikulu n'chakuti satseka bowo. Ngolo amakonza, mageti amapanga, koma mukawapititsira ndowa yodontha kapena mgolo wobooka amakuuzani mwaulemu kuti mupite kwa ena. Ine monga mlamu wawo ndinkawaseka poyera. Ndinkati, "Alamu, wowotcherera woopa bowo ndiye wotani? Kapena ku Beira anakuphunzitsani theka la ntchito?" Ankangomwetulira n'kuvala magalasi awo akuda.

Ine ndine Modesta, ndimagulitsa feteleza ndi mbewu. Chaka chatha mu Okutobala nanenso ndinagula kontena yanga kwa munthu wina ku Kanengo, yofiira, ya dzimbiri m'makona. Inafika masana dzuwa lili pamutu. Ndinaitana alamu kuti adzaboole mazenera awiri ndi khomo laling'ono, ndipo anabwera ndi achemwali anga.

Asanatsegule anagogoda katatu pachitseko n'kuyika khutu. Amatero pa kontena iliyonse. Ndinawafunsa ngati akudikira kuti wina anene kuti lowani. Atatsegula anauza akazi awo kuti awatsekere m'kati.

"Ndi momwe tinkayesera ku doko," anatero. "Umalowa, anzako n'kutseka. Pamene pakulowa kuwala ndiye kuti pakulowanso madzi. Umalembapo ndi choko, n'kuwotcherera."

Kontena inali yanga, ndiye ndinati ndilowa nawo. Achemwali anakankha zitseko, zitsulo zinalira, ndipo kunja konse kunazimiririka. Mdima wa mmenemo si wa m'nyumba ayi. Umakugwira kumaso. Phokoso la pamsika, njinga zamoto, wailesi ya ometa tsitsi, zonse zinangoti zii. Ndinamva fungo la mchere ndi la chinthu china chimene ndinkachidziwa koma sindinafune kuchitchula, fungo la m'basi yodzaza mazenera atatseka. Kenako ndinaona kuwala kumodzi kokha, kowonda ngati ulusi, kochokera pakona yakumapeto, pamwamba penipeni.

Alamu anapita komweko mwakachetechete. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuwatsata. Kabowoko kanali kongokwana msomali wa mainchesi atatu. Pambali pake panali chilembo N chowotcherera ndi chitsulo, chaching'ono ngati chikhadabo. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi khoma la pansi pake. Kontena yonse m'kati inali ndi penti yotuwa, koma pakona imeneyo penti inatha, chitsulo chinasalala n'kumanyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Panali zidindo za manja, zazikulu ndi zazing'ono, zokwera kulunjika pa kabowo. Kuzungulira kabowoko panali zokandakanda zambiri za anthu amene anayesa kukakuza ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Pansi pang'ono wina anakanda mawu m'zilembo zimene si zathu.

Ndinamenya chitseko ndi manja onse awiri mpaka achemwali anatsegula.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale ina yapafupi, ndipo tsiku limenelo alamu ananena zimene anazisunga zaka zonsezi. Anati ku Beira ankadziwika kuti kontena imene yadutsa m'manja mwawo simalowa ngakhale dontho, ndipo ankanyadira mpaka kumasiya chilembo chawo pa chigamba chilichonse. Tsiku lina madalaivala anabwera ndi nkhani yakuti pa chipata china cha m'malire atsegula kontena n'kupezamo anthu ambiri, a ulendo wobisala wopita ku Joni, atatsamirana, onse atazizira kale. Dalaivala wina anati, mosaganiza n'komwe, kontenayo inali yokonzedwa bwino kwambiri, inalibe pena paliponse polowa mpweya.

"Sindinadziwe ngati inali yanga," anatero alamu. "Koma zanga zinali mazanamazana, ndipo zonse ndinazitseka bwino. Kuyambira tsiku limenelo, iliyonse imene ndakonza ndinkaisiyira kabowo kamodzi pakona, pamwamba. Ndinachita zimenezo zaka ziwiri. Mpunga wa munthu wina utanyowa mu kontena, mabwana anandigwira, n'kundichotsa ntchito."

Achemwali anga anangoyang'ana pansi, zimene zinandiuza kuti iwo ankadziwa kale.

"Ndiye iyi ndi imodzi mwa izo," alamu anapitiriza. "Anthu analimo, mwaona nokha. Anakapeza kabowo kanga. Chimene sindikudziwa, mlamu, n'chakuti kanawakwanira kapena ayi. Kodi anatuluka ndi miyendo yawo, kapena ndinangowatalikitsira imfa?"

Chisoni ndinamva, sindikana. Koma mvula inali pafupi, ndipo ndinali nditaitanitsa kale matumba a feteleza mazana awiri. Feteleza akanyowa amasanduka mwala. Alamu anaboola mazenera awiri aakulu ndi khomo, ntchito yooneka bwino, koma nditawauza kuti amalize ndi kabowoko anayamba kukulunga mawaya awo.

"Alamu, mazenera ndi awa, mpweya ukulowa ngati pabwalo. Kabowoko kakugwiranso ntchito yanji?"

"Si kanu, mlamu. Kasiyeni."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima. Kontena ndagula ndine, wina n'kumandiuza kuti kabowo si kanga? Mawa lake ndinaitana a Lazaro, wowotcherera wa ku Mponela. Anakwera pamwamba, anathwanitsa moto kamodzi, basi zatha. Khoma lija ndinalipaka penti yobiriwira kawiri, ndinalowetsa feteleza, n'kutsegula shopu.

Sabata yoyamba ndinkangoti ndi kutentha. Mazenera onse ali pululu, mphepo ikuuluza mapepala patebulo, koma munthu ukalowa umapeza ukupuma mofupikitsa ngati wakwera chitunda. Makasitomala anasiya kulowa. Ankaima pakhomo n'kumaloza chimene akufuna. Mayi wina wa ku Bowe analowa ndi mwana kumbuyo, mwanayo anayamba kulira mobanika mpaka mayiyo anatuluka osagula kanthu. Anthu anati ndi fungo la feteleza, ndipo ine ndinavomera msanga chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho.

Kenako kunayamba kugogoda. Si usiku ayi, masana enieni, nthawi imene ana a sukulu akuweruka. Katatu, n'kusiya, n'kubwerezanso katatu, pakona yomwe ija. Ndinaimbira a Lazaro, iwo anaseka n'kunena kuti chitsulo chimatero chikatenthedwa ndi dzuwa. Mwina n'zoona. Koma makontena ena onse a pa Madisi ali padzuwa lomwelo, ndipo sindinamvepo ina ikuwerenga mpaka katatu. M'mawa uliwonse ndinkapeza pakonapo pali timadontho ta madzi, pamene khoma lonse lili louma. Tsiku lina ndinakhudza ndi chala n'kulawa. Anali amchere. Pansi pa penti yanga yatsopano zidindo za manja zija zinayamba kuonekeranso.

Alamu anasiya kudutsa mbali yathu ya msewu. Ndinkaganiza kuti akwiya, ndipo ndinati akwiye, nanenso ndili ndi mtima wanga. Patatha milungu itatu achemwali anabwera kushopu. Nawonso sanalowe.

"Iwe Modesta, alamu ako sakupuma bwino. Akugona chokhala, pakhonde. Chakudya sakudya. Kuchipatala awayeza, akuti chifuwa chilibe vuto. Ine sindikuuza zochita, ndangoti udziwe."

Ndinapita kukawaona madzulo ake dzuwa lisanalowe. Munthu uja wa mapewa otakata anali atatha, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Ankakoka mpweya ndi pakamwa, pang'onopang'ono, ngati akuuyamwa kudzera mu kabango. Sanandidzudzule. Chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinapita nditakonzeka kukangana nawo. Ndinachita mantha kuti alamu anga afa, ndipo awapha ndine chifukwa cha matumba a feteleza.

"Alamu, ndalakwa. Tiyeni mawa mukatsegule."

"Sindingathe kukwera, mlamu. Ndipo amene anatseketsa ndinu."

Mawa lake masana anawabweretsa pa njinga yamoto, achemwali atawagwirira kumbuyo. Anawakhazika pampando pafupi ndi kontena. Ine, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinamanga chitenje mwamphamvu n'kukwera makwerero, m'manja ndili ndi nyundo ndi chitsulo chosongoka chimene alamu anandipatsa. Amabizinesi anzanga anatuluka kudzaonerera, ndipo ndikudziwa kuti ankaseka. Pamwamba pa kontena chitsulo chinali chotentha moti maondo anga anatuluka matuza. Ndinapeza chigamba cha a Lazaro, kachitsulo kotumphuka ngati njere ya nyemba, ndinaikapo chosongoka chija n'kuyamba kumenya. Kasanu, kasanu ndi kamodzi. Kenako chinalowa.

Nditachizula, mpweya unatuluka pa kabowoko n'kundiwomba kumaso. Mazenera onse anali otsegula, khomo lotsegula, panalibe chifukwa choti mpweya upanikizike mmenemo. Koma unatuluka, wautali, osati ngati wa tayala lophulika, koma modukizaduka, wina ukatha wina n'kuyamba, monga anthu amene akupatsana mpata. Unali ndi fungo lija la mchere. Sindikudziwa kuti ndinagwada pamenepo nthawi yaitali bwanji. Utatha ndinamva wailesi ya ometa tsitsi ikuimba ngati kale.

Nditatsika ndinapeza alamu ataimirira okha, osagwirira kanthu. Anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire achemwali anga.

"Mwaumva?"

"Ndaumva, alamu."

"Unali wotani? Wa munthu wamoyo umakhala wofunda. Ndiuzeni zoona, mlamu, unali wofunda kapena wozizira?"

Achemwali anga anali kumbuyo kwawo, akundiyang'ana osaphethira.

"Wofunda, alamu," ndinatero. "Wofunda ngati wa mwana ali kumsana."

Anakhala pansi n'kulira pamaso pa anthu onse a pamsika, kenako anakoka mpweya wodzaza chifuwa chonse. Tsiku lomwelo anadya. Pasanathe sabata anabwerera ku ntchito, ndipo anandipangira kachipewa kachitsulo pamwamba pa kabowoko kuti mvula isalowe koma mpweya uzidutsa. Kugogoda kunatha, makasitomala akulowa mpaka kukhala pa matumba n'kumacheza. Alamu anenepanso, ndipo Lamlungu lapitali ndinawaona atakhala pakati pa tchalitchi, kutali ndi zenera. Ndowa yodontha sakonzabe.

Ine pakona ija sindiikapo katundu, ndipo sindiyimapo. Maondo anga ali ndi zipsera za chitsulo cha tsiku lija, dzuwa la Novembala lili pamutu, ndiye palibe angandiuze kuti kunja kunkazizira. Mpweya umene unandiwomba kumaso unali wozizira ngati madzi a mumtsuko m'mawa wa June, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Alamu sindinawauze, ndipo sindidzawauza.