Dzanja la a Bisada Ghattas

Akomiti andipempha kuti ndilembe za moyo wa malemu a Bisada Ghattas m'kalata ya mpingo ya mwezi uno, popeza Lachisanu likudzali akwanitsa masiku makumi anayi chimwalirireni. Andilangizanso kuti ndilembe zolimbikitsa zokhazokha, zakale ndizisiye. Choyambacho ndavomera. Chachiwiricho andikhululukire, ndakalamba ine, ndipo ndatopa kusunga zinthu kukhosi.

A Bisada anabadwira kumudzi kufupi ndi Abu Tig, mwana wachinayi wa mlimi wa anyezi. Bambo awo atamwalira, mayi awo anabwera nawo kuno ku Shubra n'kuwapezera ntchito kwa a Fanous, amene anali ndi kanyumba kopangiramo timagalasi toyezera kutentha kwa thupi kuseri kwa msika. Ntchito yake inali kutenthetsa kagalasi pa lawi, kukadzaza mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija, kenaka kukaviika m'madzi ofunda ndi kulembapo mizere ndi dzanja. Mawindo ankakhala otseka ngakhale dzuwa liswe mtengo, chifukwa kamphepo kakalowa lawi limapendama, galasi n'kukhota. Mekyule akadontha ankagubuduka n'kukabisala m'ming'alu ya matabwa apansi, ndipo panalibe wovutika kumutola. Poweruka ankatsuka magalasi ndi sipiriti, fungo lake n'kukakamira m'malaya mpaka kunyumba.

M'kanyumbamo a Bisada anakhalamo zaka makumi atatu ndi zisanu. Anatchuka ndi dzanja losagwedezeka komanso ndi liuma. Kagalasi kakaphonya pang'ono ankakaswa, a Fanous akalipe asakalipe. Ankati, "Kakanama ndi mzere umodzi, mayi wina agona tulo poganiza kuti mwana wapola." Anakwatira mayi Tafida, mkazi wosaopa munthu pakamwa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Irini. Lachitatu ndi Lachisanu ankasala monga tonse, koma iwo nyemba zawo ankadya opanda ngakhale mafuta.

Wansembe wathu wa nthawi imeneyo, Abuna Sarabamoni, ataona dzanja lija anawapatsa kiyi wa ku Betelehemu, kachipinda ka uvuni komwe timaphikira mkate wa nsembe. Malamulo ake mukuwadziwa: ufa, madzi ndi yisiti basi, kukanda ukunena masalimo, kudinda chidindo chamtengo pakati, ndi kuboola mabowo asanu a mabala a Ambuye. Pa mikate yonse wansembe amasankhapo umodzi wopanda chilema kuti ukhale Mwanawankhosa. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Bisada ankaphika mkatewu asanapite kuntchito, ndipo sanajombepo. Abuna ankawaseka kuti, "A Bisada, mukundichimwitsatu inu. Ndisankha uti poti yonse ndi mapasa?" Iwo ankangozyolika ndi manyazi. Kuguwa sanayimepo, nyimbo sankaitha. Kutumikira kwawo konse kunali m'dzanja limenelo.

Zinayamba pang'onopang'ono. Nkhama zinatupa, mano n'kuyamba kuguluka. Lilime linalemera, mayendedwe n'kukhala ngati a munthu wotsika m'bwato. Pomwera tiyi, kapu ikugwedezeka m'manja, anzawo ankawafunsa ngati akumwa kapena akuthirira maluwa, tonse n'kuseka, ine ndemwe. Munthu amene anali wochezeka anayamba kuthawa maso a anthu. Abuna Sarabamoni anali atamwalira, ndipo wansembe watsopano a Bisada akale sankawadziwa.

Lamlungu lachitatu la Kusala Kwakukulu dengu linabwera kuguwa ndi mikate isanu ndi iwiri. Abuna atsopanowo ananyamula woyamba, chidindo chinali chitadindika pawiri. Wachiwiri bowo linali litang'ambika. Anaitembenuza yonse umodziumodzi, tchalitchi chili zii, n'kuibwezera m'dengu. Panalibe Mwanawankhosa. Misa inaima ola lathunthu podikira mkate wopempha ku tchalitchi china, anthu ali ndi njala ya kusala, ndipo mukudziwa mmene njala imanolera lilime la Mkhristu.

Masana omwewo komiti inakhala pansi. Wapampando anali a Fanous, mlembi ndinali ine. A Fanous anapukusa mutu ngati munthu womva chisoni.

"Tisabisane, abale anga. Munthuyu amanunkha sipiriti kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndimakhala naye ndine, ndingamunamizire chifukwa chiyani?"

Ankadziwa bwino lomwe kuti sipiritiyo ndi wawo womwe, wotsukira magalasi. A Bisada anaimirira, chipewa chikuvina m'manja, nati, "Abuna, chibadwire mowa sindinaulaweko." Koma mawuwo anatuluka okokeka, ophwanyika, ndipo wina kumbuyo anaphulika kuseka. Mlandu unathera pomwepo. Kalata yowachotsa ku Betelehemu ndinalemba ndine, ndi zilembo zanga zokongola zomwe ndinkanyada nazo. Anabweza kiyi ndi chidindo, atachipukuta kaye ndi mpango. Sabata lomwelo a Fanous anawachotsanso ntchito, ati dzanja latha.

Mayi Tafida anandipeza pamsika, pakati pa anthu.

"Inu a Subhi, munapita kusukulu inu. Tandiuzani, ndi mowa wanji umene munthu amamwa kamodzi n'kuledzera chaka chonse? Amagulitsa kuti, ndikagulireko amuna a anzanga?"

Ndinawayankha kuti komiti yaona kale. Mawu amenewa ndawagwiritsa ntchito moyo wanga wonse, ndipo amatseka pakamwa pa aliyense.

Chaka chomwecho banja limene linafunsira Irini linabweza mawu, ati safuna magazi a chidakwa. Ana a m'makwalala anawapatsa a Bisada dzina loti a Botolo. Wina akanasamukira tchalitchi china, ku Shubra kuno n'zosasowa. Iwo ayi. Ankabwera Misa iliyonse n'kuima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Anatenga tsache n'kumasesa pabwalo popanda wowatuma. Potuluka ankalandira mkate wotsala monga tonse, n'kuyendetsa chala pa mabowo aja asanaupsompsone. Mayi Tafida akayamba kutitukwana kunyumba, a Bisada ankawaletsa kuti mkatewo ndi wa Mwini wake, ndipo ngati dzanja lawo linkauwononga, akomiti sanalakwe kuwachotsa. Chimene chinkawawawa n'chifukwa chimene tinalemba m'kalatamo.

Patatha zaka khumi ndi chimodzi impso zinayamba kuvuta, Irini n'kuwatengera kuchipatala. Dokotala wake, mayi Insaf, Msilamu, anawayang'ana nkhama, n'kuwapatsa cholembera kuti ajambule mzere, kenaka anawafunsa ntchito imene ankagwira. Irini atatchula za mowa ndi mawu otsika, dokotalayo anaseka mowawidwa.

"Mowa wanji? Bambo awa chiwindi chawo n'choyera kuposa changa. Uyu ndi mekyule, akhala akumupuma zaka zonsezi. Mwa anthu onse a kwanuko panalibe mmodzi wofunsa?"

Panalibe. Zinatengera mlendo wa chipembedzo china mphindi khumi kuona chimene ife, abale awo mwa Ambuye, tinakana kuona zaka khumi ndi chimodzi.

Dokotala analemba zonse papepala, mayi Tafida n'kudzandiponyera pamiyendo. Ndinaliwerenga pa komiti. Koma a Fanous anali atamwalira, dzina lawo lili pa mwala wa nsangalabwi pakhomo paja, ndipo nyali zikuluzikulu zolendewera m'tchalitchimu anali atangopereka kumene ana awo. Wina anati tisafukule akufa. Wina anati Mulungu akudziwa kale, anthu adziwirenji. Pepala linalowa m'dilowa, ndipo kiyi wa dilowayo ankasunga ndine.

A Bisada sanapemphe kubwerera ku Betelehemu, ankadziwa kuti dzanja silingabwerere. Anabwera kwa ine kamodzi kokha, tsache lili m'manja.

"A Subhi, achimwene, Abuna angonenako mawu amodzi ikatha Misa, akuti sindinali woledzera. Si za ine ayi, ine ndatha kale. N'za Irini."

Ndinawalonjeza kuti ikapita Pasaka. Pasaka itapita ndinati kukatha kusala kwa Namwali Woyera. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sanandikumbutsenso. Ankangondipatsa moni pabwalo paja Lamlungu lililonse, mwaulemu, n'kundisesera poponda. Ndikanakonda akananditukwana.

Mwezi wathawu anagwidwa ndi malungo. Ndinapita kukawaona m'mawa wa tsiku lomaliza, Abuna atangowapatsa Mgonero. Mayi Tafida anatulutsa m'kachitini kagalasi kamene a Bisada anapanga chaka cha ukwati wawo, n'kuwaika m'kamwa. Namwino woyandikana nawo nyumba anabweranso ndi kake kamakono ka batire. Timagalasi tonse tiwiri tinanena chimodzimodzi. A Bisada anamwetulira ndi m'kamwa mwawo mopanda mano.

"Waona, Tafida? Tanga sitinama."

Anapempha Irini kuti awawerengere salimo limene ankayambira pokanda ufa. Irini anawerenga, iwo milomo ikutsatira. Dzuwa lili pamutu anapuma kotsiriza, mwakachetechete, ngati munthu amene waweruka. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka pafupifupi makumi awiri, manja aja anagona phee pa bulangete. Mayi Tafida anawayang'ana nthawi yaitali, osalira, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Taonani, a Subhi. Lero asiya mowa."

Akomiti akufuna kuti nditsirize ndi chitsanzo chimene malemuwa atisiyira. Chitsanzo chilipo, cha munthu amene sanalole kagalasi kunama ndi mzere umodzi, ndipo atanamiziridwa anapitiriza kusesa pakhomo pa omunamizira. Koma ndilibe nkhope yoti ndikuuzeni kuti muwatsanzire. Ndingolemba mawu aja amene anawadikira zaka zisanu ndi chimodzi: a Bisada Ghattas sanali woledzera. Pepala la dokotala ndalichotsa m'dilowa, ndalikhomera pa chitseko cha ku Betelehemu, ndipo wolichotsa adzandipeze. Irini adzakhala pa benchi lachitatu pa Misa ya Lachisanu, yekha, tsitsi litayamba imvi. Amene munaseka tsiku lija mukudzidziwa.

Ambuye awapumitse pa chifuwa cha makolo athu oyera, ndipo ife atichitire chifundo chimene tinawamana.

Subhi Wahba, mlembi wa komiti