A Obadiya Wonena Maliro

A Obadiya Mbewe a m'mudzi wina kuseri kwa Sinda amalima thonje, koma anthu sawadziwira thonjelo. Amawadziwira maliro. Kwa zaka makumi atatu, pamudzi pakagwa zovuta, abale ankatuma iwo kukanena uthenga, kale pa njinga, pambuyo pake pa foni.

Luso lawo linali lakuti mawu oti "wamwalira" sankatuluka pakamwa pawo. Nkhalamba ikatisiya ankati, "Mtengo waukulu wagwa." Akatero ankakakamira mtengowo mpaka kumapeto: unayamba kupendama Lachiwiri, wagwa m'mawa, tiusunga mawa. Akakhala mwana, linali dzungu lothothoka lisanakhwime. Ofedwa ankamva pang'onopang'ono, osakomoka. Ine, mlamu wawo, sindibisa: ankanyadira lusoli mopitirira, ndipo nthawi zina ankanditopetsa nalo.

Chaka chatha, nyengo yothyola thonje, akazi awo a Doris anagwa m'munda masana, osadzukanso. A Obadiya sanalire. Anangokhala pakhonde, manja ali pamaondo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rhoda, amaphunzitsa ku Vubwi, ndipo panthawiyo anali woyembekezera, miyezi yake itatsala pang'ono kukwana. Anayenera kuuzidwa tsiku lomwelo, komanso mosamala, kuti afike amai ake asanaikidwe. Ndinati ndimuimbire ine. Anakana. Ndinangowagwirira foni pafupi ndi pakamwa.

"Rhoda, kuno denga lagwa," anatero.

"Denga liti, atate?"

"La nyumba yathu. M'mawa linali bwinobwino. Linasesa pabwalo, linaphika phala, linapita kumunda. Tilisunga mkuja."

Mawu awo anali osalala ngati akunena za eni. Rhoda anakula akumva atate ake akunena maliro, choncho anadziwa.

"Atate, amama si denga," anatero. "Ndiuzeni ngati mwana wanu. Mukapanda kunena, ine sindikwera galimoto."

A Obadiya anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinalibe chowathandiza nacho.

"Amai ako amwalira, mwanawe," anatero a Obadiya.

Rhoda analira mpaka foni inaduka. Anafika mawa lake madzulo, miyendo itatupa.

A Obadiya akulimabe thonje. Mwezi watha kunagwa maliro kwa aneba, ndipo abale anabwera kudzawatuma monga kale. Anawamvetsera mpaka kumaliza.

"Tumani wina," anatero. "Ine sindidziwa kanenedwe kake."