A Binwell ndi Batani la Mawa

Pa Lisungwi mukafunsa kuti a Binwell amapezeka pati, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mukangoti "a Tionamawa", aliyense akulozerani kashopu kobiriwira koyandikana ndi kometera tsitsi, komwe kumalira nyimbo tsiku lonse. M'menemo ndi momwe a Binwell amabenera nyimbo. Munthu amabwera ndi memori yake, iwo n'kumuikiramo za kwaya, za dansi kapena mafilimu, kuchokera mu kompyuta yawo yaikulu ya patebulo.

Dzina la Tionamawa sanalitole pamsewu. Kwawo ku Nsambe amati munthuyu anachedwa n'kubadwa komwe, moti azamba anachita kutopa n'kubwerera kwawo. Sukulu anayamba anzake akudziwa kale kulemba mayina awo. Mbatatesi za kumunda kwa bambo ake ankakumba anthu ena atagulitsa kale zawo. Si kuti ndi aulesi, ayi, ndipo amene anganene zimenezo sawadziwa. Amalawirira, amasesa, amapukuta kompyuta yawo ngati mwana wakhanda, ndipo palibe kasitomala anatulukamo atakwiya. Pamene pamavuta ndi pamene pakufunika kuti munthu anene inde kapena ayi. Zikafika pamenepo, a Binwell amakanda kumutu, kumwetulira, n'kunena kuti, "Tiona mawa."

Kompyutayo anakaitenga ku Blantyre zaka zapitazo. Anaikulunga m'bulangete n'kuifukata pamiyendo mu minibasi ulendo wonse, ndipo kondakitala atafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a usipa, anatsala pang'ono kutsika. Atangoilumikiza ku intaneti ya pafoni, pasikirini panatulukira kabokosi kolembedwa Chingerezi, kokhala ndi mabatani awiri. Mphunzitsi wina amene anabwera kudzabenetsa nyimbo ndiye anawamasulira.

"Akuti pali zatsopano zoti zilowe mu kompyutamu. Amazitcha apudeti. Batani ili likuti yambani tsopano. Linalo likuti mundikumbutse mawa."

A Binwell anaseka mpaka kupukuta misozi. "Amene anapanga chinthu ichi ndi m'bale wanga," anatero, n'kudina lachiwirilo.

Kuyambira tsikulo kabokosiko kankawapatsa moni m'mawa uliwonse, iwo n'kukayankha chimodzimodzi. Dzanja linazolowera moti linkayendetsa mausi lokha, mwini wake akuyang'ana kwina.

Kwinako, kunena zoona, kunali pakhonde. Pakhonde la shopuyo ndi pomwe a Mailesi ankasokera zovala. Anachokera ku Matandani amuna awo atamwalira, ana atakula n'kukakhala paokha, ndipo anabwera ndi makina awo opalasa ndi mapazi, kuseka kwawo kokweza, ndi pakamwa posabisa mawu. Ndiwo anasoka nsalu yovindikira kompyuta ija, chifukwa fumbi la pa Lisungwi silisiya kanthu. M'mawa ankabwera ndi tiyi wa anthu awiri mufulasiki. A Binwell nawo akangowaona akutulukira pa mlambe, ankaika nyimbo ya kwaya yomwe mayiyo amaikonda, ngati kuti yangobwera yokha. Madzulo ankawanyamulira mutu wa makina kulowetsa m'shopu. Ankawakonda a Mailesi, ndipo msika wonse unkadziwa, kupatula kuti mwini wakeyo anali asananene.

Anayeserapo kamodzi. Inali nyengo ya manachesi, ndipo a Binwell anali kusenda limodzi kuti awapatse.

"A Mailesi, pali nkhani ina ndikufuna tikambirane."

A Mailesi anasiya kupalasa makina. "Ndikumva."

A Binwell anayang'ana khoko la nachesi lija nthawi yaitali ngati kuti palembedwa kanthu. "Tikambirana mawa," anatero.

Manachesi anapsa n'kutha, anapsanso n'kutha, nkhaniyo osakambidwa. Ngakhale jekete lawo la kutchalitchi, lomwe linkakhala pamsomali m'shopumo litathothoka batani, a Mailesi anatopa nalo kupempha. Akati bweretsani ndisokerere, yankho linali lomwe lija.

Ndiye tsiku lina kunabwera Laimoni, mnyamata wamkulu wa ku Kasungu amene amagwira ntchito pa kompyuta kuchipatala, munthu wokonda zatsopano moti foni yake imasintha asanaizolowere. Anafika pakhondepo akuwala nkhope.

"A Binwell, mwamva? Kukubwera apudeti yaikulu. Pulogalamu yonse yoyendetsa kompyuta isintha, maonekedwe ndi zonse. Ndipo akuti ulendo uno batani lanu lija kulibe."

"Batani liti?"

"La mawa."

Nkhaniyo inayenda msika wonse dzuwa lisanapendeke. Anthu oti sanagwirepo mausi chibadwire anakhala akatswiri a kompyuta tsiku lomwelo, ndipo aliyense anabwera ndi maganizo ake pakhonde la a Binwell.

"Ine ndamva kuti yatsopanoyo imamvetsera," anatero Lenard wometa tsitsi, atasiya kasitomala ndi mutu wometa mbali imodzi. "Ukamayankhula pafupi nayo imasunga zonse."

"Ndiye ibwere msanga," anayankha mayi wina wogulitsa matimati, "timve zomwe mumatinena m'kashopu kanuko."

Wakabaza wina anapukusa mutu. "Zatsopano pa chinthu chakale sizigwirizana. Ine ndinaika tcheni chatsopano pa njinga yakale, chinadya magiya onse. Kompyuta iyi ifa, muona."

"Sifa ayi," Laimoni anakana. "Imathamanga, zithunzi zake n'zowala, ndipo mavairasi a m'mamemori anuwo sadzalowanso."

Mkulu wa mpingo amene ankadutsa anangofuna kudziwa chimodzi, ngati nyimbo za Mulungu zidzakhalemo. Atauzidwa kuti zidzakhalamo, anafunsanso ngati zadansi zingachoke zokha, ndipo anakhumudwa pang'ono atamva kuti nazonso zikhala.

A Binwell anamvetsera zonsezi ali chiimire pakhomo. "Ine zatsopano sindikuzikana," anatero pomaliza. "Koma chinthu chaulemu chimapatsa munthu mpata woganiza. Ichi chongobwera n'kuti lero lomwe, n'chachipongwe."

"Nanga inu a Mailesi mukuti bwanji?" Lenard anafunsa.

A Mailesi sanadzutse mutu pa nsalu yomwe ankasoka. "Ine ndikuti chinthucho chapirira mokwanira. Kufunsa munthu tsiku ndi tsiku, iye n'kumangoti mawa, nachonso chimatopa, eti."

A Binwell anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali waya wina wofunika kuuona pansi pa tebulo, ndipo anakhalitsako ndithu.

Sabata yomweyo kunabwera a Gerishon, mchimwene wa a Mailesi, pa njinga yamoto kuchokera ku Matandani. Anakhala pabenchi la pakhonde n'kuyankhula mokweza, monga amachitira anthu ozolowera kuitanizana kutsidya kwa chigwa.

"Achemwali, nyumba yanu ija taifolera. Munda wanu ukungogona, mvula ili pafupi. Kumudzi kulibe wosoka, ana asukulu akuyenda ndi mayunifomu ong'ambika. Kuno kotentha chonchi mukudikira chiyani?"

A Mailesi anayang'ana kukhomo la shopu. Munkangomveka nyimbo. "Palibe chomwe ndikudikira, achimwene," anatero.

Anagwirizana kuti tsiku la msika a Gerishon abwera ndi galimoto yomwe imatsitsa chimanga, ndipo pobwerera idzanyamula makina ndi mwini wake. Madzulo ake, a Binwell akunyamula mutu wa makina, a Mailesi anawauza maso ndi maso kuti, "Mwamva nokha. Tsiku la msika ndikupita." Mtima wa a Binwell unawawa kwambiri, moti makina omwe ankawanyamula tsiku lililonse anawalemera. Anangoika makinawo pakona bwinobwino n'kuwavindikira.

Tsiku la msika linacha ndi dzuwa lake la pa Lisungwi, lowotcha m'mawa momwe. A Binwell anavundukula kompyuta, kuiyatsa, ndipo dzanja linapita lokha pamalo pake pa masiku onse. Linadina. Palibe chinachitika. Anayang'anitsitsa. Kabokosi kanalipo, koma batani linali limodzi lokha, lalikulu, pakatikati.

Lenard ndiye anayamba kuona, n'kukuwa kuti yafika. Posakhalitsa shopu inadzaza, ena akusuzumira pawindo. Wina ankati dinani, wina ankati zimitsani, wakabaza uja ankati chotsani kaye nyimbo zake zisanafere momwemo. Laimoni anathamanga kuchokera kuchipatala kudzaonerera. A Binwell anangokhala, dzanja lili pa mausi, akufunafuna m'makona onse a sikirini ngati batani lawo labisala penapake.

Ali mkati mofunafuna, anamva phokoso panja. Anali a Gerishon ndi dalaivala akukweza makina a a Mailesi m'galimoto. Pakhonde panatsala timaenje tomwe miyendo ya makinawo inakumba m'simenti pa zaka zonsezi. A Binwell atationa timaenjeto, za kompyuta zinawachoka m'mutu.

Anthu anapatuka, a Mailesi n'kulowa atavala chitenje chawo chapaulendo. Anatola nsalu yovindikira kompyuta yomwe inagwa pansi, kuikung'untha, n'kuipinda bwino.

"Ndabwera kudzatsanzika, a Binwell. Koma ndisanakwere, ndifunseko. Nkhani ija munkati tikambirane, nthawi ya manachesi, inali yotani?"

A Binwell anaimirira. Anakanda kumutu. Milomo inagundana, ndipo aliyense m'shopumo anaona chomwe chinkabwera.

"Ma..."

"Ayi, a Tionamawa, ayi!" Lenard anagwira kumutu. Mayi wa matimati anatembenuka kuti azipita.

"Ma... Mailesi," anatero a Binwell. Kanali koyamba kuwatchula dzina lokha, popanda kalikonse patsogolo. "Mailesi, musapite. Ndimakukondani. Ndikufuna tikwatirane, ndipo amalume ndiwaimbira lero kuti akaonekere kwanu. Lero lomwe lino."

A Mailesi anawayang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira. Kenako anaika nsalu ija patebulo.

"Mundikumbutse mawa," anatero, n'kutuluka.

Shopu inaphulika ndi phwete. Lenard anakhala pansi n'kumamenya simenti ndi chikhatho. A Binwell okha ndi amene sanaseke. Anaima pakhomo thukuta lili kamukamu, akuona mayiyo akulunjika kugalimoto, ndipo anaganiza kuti zawathera.

"Achimwene," a Mailesi anaitana, "masulani zingwezo. Makinawo abwerere pamalo pake."

A Gerishon anadandaula kuti msana wawo si wa boma, koma ankamwetulira pomasula. Anatsitsa makinawo, miyendo yake n'kulowa m'timaenje take tomwe tija. Pokwera galimoto analoza a Binwell chala. "Amalume anuwo akafika ku Matandani asadzatiuze za mawa. Kumeneko batani limenelo kulibenso."

A Binwell analowa m'shopu ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, ndipo asanakhale n'komwe anadina batani lalikulu lija. Sikirini inasanduka yabuluu, n'kulemba mawu omwe Laimoni anamasulira kuti dikirani, musazimitse. Kanthu kozungulira kanayamba kuzungulira. Kanazungulira m'mawa wonse, kanazungulira masana. Tsiku la msika linatha popanda nyimbo ngakhale imodzi, makasitomala akubwerera ndi mamemori awo. A Binwell anakhala akuyang'ana sikirini, kenako pakhonde, kenako sikirini, ndipo konsekonse ankauzidwa kuti adikire. Tsiku limenelo anadziwa mmene kudikira kumawawira, ndipo anawamvera chisoni a Mailesi.

Dzuwa likupendeka kompyuta inadzuka. Sinafe. Nyimbo zonse zinalimo, za Mulungu ndi zadansi zomwe, kungoti zinthu zinasamuka malo ngati m'nyumba mwalowa mkazi watsopano. Laimoni anati akanena ankanama kodi. Wakabaza anati tiyeni tione mvula ikagwa. Lenard mpaka lero amatsitsa mawu akamadutsa pafupi nayo.

M'mawa mwake a Mailesi atatulukira pa mlambe ndi fulasiki yawo, anapeza pakhonde posesedwa kale, mutu wa makina utaikidwa pamalo pake, ndipo pambali pataima munthu wovala jekete, kutentha konseko. Nyimbo yawo ya kwaya inkalira, ndipo ulendo uno panalibe wonamizira kuti yabwera yokha.

"Mwadzuka bwanji, a Mailesi? Ndabwera kudzakukumbutsani."

A Mailesi anaika fulasiki pansi, kukhala pampando wawo, n'kutsegula kachitini ka mabatani. Anasankhamo limodzi lakuda, kuliyerekeza ndi linzake la pa jekete, n'kulowetsa ulusi mu singano.

"Vulani jeketelo ndisokerere," anatero. "Simungakaonekere kwa abale anga chonchi."